Mfuti ya bambo ili pamwamba pa wadirobu, ndipo ana akudziwa

M'nyumba zambiri za mu Lilongwe momwe muli mfuti, mwini wake ali ndi chikhulupiriro chimodzi chimene sachikayikira ngakhale pang'ono: ana sadziwa pamene ili. Adaiika pamwamba pa wadirobu kuseri kwa masutikesi, kapena kunsi kwa matiresi chakumutu, kapena m'dirowa ya masokosi ataikulunga m'malaya akale. Zipolopolo zili momwemo, kudikira tsiku limene mbava zidzathyole geti. Bambo amagona mtima uli m'malo chifukwa kuchipinda kwawo sikulowa mwana. Ine ndikuti ana akudziwa, ndipo amene sanadziwe adziwa holide ikubwerayi.

Chikhulupirirochi chili ndi pogwira. Tonse tidakula ndi mwambo woti mwana akasinkhuka, phazi lake siliponda kuchipinda kwa makolo. Ukaitanidwa umagwada pakhomo n'kudikira kuti akupatsire chimene akuitanira. Ndi mwambo wabwino, sindikuupeputsa. Koma makolo athu adauika kuti usunge ulemu pakati pa mwana ndi womubereka, osati kuti ulondere chida chopha munthu. Ndipo amene timayamba kuuphwanya ndife akuluakulu tomwe. "Iwe, thamangira kuchipinda ukanditengere chaja." "Kaone ngati chikwama changa chili pabedi." Mwana wa zaka zinayi ndiye mwambowu sumukhudza n'komwe. Amalowa, amakwera pabedi, amapisa dzanja paliponse pamene dzanja likukwana.

Taonaninso mmene tsiku limayendera m'banja la m'tauni muno. Bambo ndi mayi anyamuka mbandakucha kuthawa mzere wa magalimoto opita ku City Centre, ku Capital Hill kapena ku Kanengo, ndipo abwerako dzuwa litalowa. Pakati ponsepo nyumba ili m'manja mwa ana ndi wantchito amene ali kuseri kuchapa, kapena wapita kukasaka madzi poti mipopi yauma. Nyumba zathunso sizikhala za ana awiri okha. Muli mphwake wa bambo amene adachokera kumudzi kudzaphunzira, muli mlamu, muli ana a aneba amene abwera kudzaonera makatuni, muli ana a anthu ochita lendi kuseri. Mwana wanuyo mwina mudamuopseza ndipo amamva. Nanga enawo adawalangiza ndani?

Sindikuweruza munthu amene adagula mfuti. Wamalonda wa ku Malangalanga kapena ku Bwalo la Njobvu amene amafika kunyumba ndi ndalama za tsiku lonse, mlimi amene ali ndi famu cha ku Mitundu kapena ku Kasiya, banja limene lidagonekedwapo chafufumimba mbava zikututa katundu, onsewa mantha awo ndi enieni. Amene adamvapo chitseko chikuphwanyidwa ndi chimwala pakati pa usiku safunika kuuzidwa ndi ine kuti kuopa n'chiyani. Mfundo yanga ndi iyi: mbava mwina zidzabwera usiku umodzi, mwinanso sizidzabwera konse, pomwe mwana ali m'nyumbamo tsiku lililonse. Mfuti yodzaza zipolopolo, yosakiyiridwa, imatha zaka ili pafupi ndi mwana podikira mphindi zochepa zimene idzakhale pafupi ndi wakuba.

Ena anena kuti izi ndi za ku America. N'zoona kuti kumeneko vutoli lidafika poipa: mu 2020 mfuti zidapitirira ngozi zapamsewu n'kukhala chinthu choyamba chopha ana ndi achinyamata a zaka 1 mpaka 19. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva lidayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba ku America adali ndi mfuti pafupifupi 120 pa anthu 100 alionse, pomwe kwathu kuno sizinkakwana ngakhale imodzi pa anthu 100. Apa tiyamike. Koma chiwerengero cha dziko sichiteteza mwana wa m'nyumba imene muli mfutiyo. Komanso kuchepa kwa mfuti kwatichititsa kuti tisamakambe za izo. Mwana timamuphunzitsa kuoloka msewu, kuopa moto, kusamba m'manja kolera akavuta. Za mfuti amaphunzira m'mafilimu, momwe munthu amawomberedwa lero, mawa n'kuonekanso mu filimu ina ali bwinobwino.

Si mfuti zonsenso zimene boma likuzidziwa. Nkhondo ya ku Mozambique idatha mu 1992, ndipo malire athu ndi dzikolo, ku Dedza, ku Ntcheu ndi kuseri kwa Dzalanyama, munthu amawadutsa wapansi osadziwa n'komwe kuti wawoloka. Mu Disembala 1993, pa Operation Bwezani, asilikali adalanda zida za a Malawi Young Pioneers mfuti zikulira mu Lilongwe momwe muno, ndipo apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique. Palibe angalumbire kuti chida chilichonse cha zaka zimenezo chidafika m'manja mwa boma. Kumidzi kulinso gogodera wa alenje, wothira wonga, amene amatha kuphulikira mwini wake yemwe. Mfuti yopanda chiphaso ndiyo yoopsa kwambiri kwa mwana, chifukwa mwini wake amaibisa m'malo amene akuganiza kuti wapolisi sangayang'anemo: kudenga, m'thumba la chimanga, m'nkhokwe. Amenewa ndi malo omwewo amene ana amabisalamo posewera.

Abambo ambiri akafunsidwa amayankha kuti, "Ana anga ndidawauza, ndi omvera." Pali kafukufuku amene ndikufuna bambo aliyense wotere amumve. Adasindikizidwa mu 2001 m'magazini ya madokotala a ana yotchedwa Pediatrics. Ofufuza mumzinda wa Atlanta ku America adatenga anyamata a zaka 8 mpaka 12 m'magulu 29 a awiriawiri kapena atatuatatu, n'kumasiya gulu lililonse m'chipinda kwa mphindi zosapitirira 15 akulionerera mobisa. M'dirowa ina adabisamo mfuti yeniyeni ya m'manja, yokonzedwa kuti isawombe. Magulu 21 adaipeza. Mwa amenewo, magulu 16 adaigwira, ndipo m'magulu 10 mudapezeka mnyamata amene adakoka kachitsulo kowombera. Pafupifupi theka la amene adaipeza ankaganiza kuti ndi chidole kapena sankadziwa ngati ndi yeniyeni. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi ichi: oposa 90 pa 100 alionse mwa anyamata amene adaigwira adanena kuti adalangizidwapo kale za kuopsa kwa mfuti. Malangizo adawamva, koma dzanja lidapita.

Kafukufuku wina wa mu 2006, ku Alabama ku America komweko, adafunsa makolo paokha, ana paokha. Mwa makolo amene ankati ana awo sadziwa pamene pali mfuti, 39 pa 100 alionse adatsutsidwa ndi ana awo omwe. Ndipo amene amati mwana wamng'ono alibe mphamvu zowombera adziwe kuti madokotala adaziyeza mu 1995: mwana mmodzi mwa anayi alionse a zaka 3 kapena 4 adali kale ndi mphamvu m'zala zokwanira kuwombera mfuti zambiri za m'manja, ndipo pofika zaka 7 kapena 8 adali 9 mwa ana 10. Ana a ku America sasiyana chidwi ndi ana a ku Kawale kapena ku Area 47. Palibe mayi amene amasiya mphika wa phala lotentha pansi podalira kuti mwana adamuuza kuti asakhudze. Amamuuza inde, koma mphikawo amauikabe patali.

Pali chinthu china chimene ngakhale eni mfuti ena sachisamala. Mkulu wina amene adagwirapo ntchito ya usilikali adandionetsa tsiku lina tili pakhonde pake. Adatenga mfuti yake ya m'manja, n'kusolola magazini, kabokosi kosungira zipolopolo kaja, n'kuiika patebulo. "Achimwene, mukuti muli kanthu umu?" Ndidati mulibe, poti zipolopolo zonse ndinkaziona patebulopo. Adalozetsa mfutiyo kudothi, n'kukokera kumbuyo chitsulo chapamwamba, ndipo chipolopolo chimodzi chidadumpha n'kugwera pasimenti, kuti ngwee, n'kugubudukira kunsi kwa mpando. Chidali chitakhala kale pamalo pamene chimanyamukira. Mfuti zambiri za mtundu umenewu zimawomba ngakhale magazini itachotsedwa, bola chimodzi chijacho chili m'kati. Mnyamata wa fomu 2 amene waonera mafilimu amadziwa kusolola magazini, ndipo akatero amakhulupirira ndi mtima wonse kuti tsopano ndi chidole. Amaloza mng'ono wake akuseka. Ana aang'ono kwambiri nthawi zambiri amadzivulaza okha, poti amaitembenuza kuti asuzumire kukamwa kwake. Okulirapo amavulaza m'bale wawo kapena mnzawo. M'nyumba yotero mumatayika ana awiri, wina kumanda, wina wamoyo koma wosenza chinthu chimene sadzachitula.

Tikambenso nkhani imene timaithawa, ya kudzipha. Apolisi athu akhala akudandaula chaka ndi chaka za kuchuluka kwa anthu odzipha, makamaka amuna. Wachinyamata amene mayeso a MSCE sanamuyendere, mtsikana amene wazindikira kuti ndi woyembekezera ndipo akuopa bambo ake, mnyamata amene wanyozedwa pamaso pa anzake, onsewa amatha kugwidwa ndi maganizo oipa amene amafika mwamphamvu koma satenga nthawi yaitali. Akadutsa maola amenewo, ambiri amakhala ndi moyo n'kukula, n'kudzakhala makolo. Mfuti siipereka maola amenewo. Mwa anthu 10 amene amayesa kudzipha ndi mfuti, pafupifupi 9 amafa. Ngati m'nyumba muli mwana amene wasiya kudya, wasiya kucheza, akungodzitsekera, mfutiyo ituluke kaye m'nyumbamo, ikasungidwe kupolisi. N'chimodzimodzi ngati amene akuvutika ndi bambo mwini wake, kaya ndi ngongole za katapila, kaya ndi mowa, kaya ndi mikangano ya m'banja imene yafika pomenyana.

Madokotala a ana a bungwe la American Academy of Pediatrics amanena mosabisa kuti nyumba yotetezeka kwambiri kwa mwana ndi imene mulibe mfuti. Ndikugwirizana nawo. Koma amene wasankha kukhala nayo, zoyenera kuchita si zovuta ndipo si zodula poyerekeza ndi mtengo wa mfutiyo. Ichotsedwe zipolopolo zonse, kuphatikizapo cha m'kati chija, n'kuyang'anamo ndi maso. Ikiyiridwe m'bokosi lachitsulo lomangiriridwa kukhoma kapena pansi kuti munthu asalinyamule. Zipolopolo zikiyiridwe kwina. Amisiri owotcherera zitsulo a ku Mchesi ndi ku Biwi amene adakupangirani geti ndi zitsulo za m'mawindo angakupangireni bokosi lotere. Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa kiyi. Kiyi wa bokosilo asakhale pa mulu wa makiyi a galimoto amene mumapatsa mwana kuti akatsitse katundu, asakhale m'thumba la jekete yopachika, asakhale pansi pa Baibulo la pambali pa bedi. Akhale pathupi panu. M'galimoto namonso si mosungira mfuti, chifukwa ana amatsala m'menemo inu mukalowa m'sitolo.

Ndikudziwa yankho limene likubwera: "Ndiye mbava zikalowa ndizikafunafuna makiyi?" Funsoli ndi lomveka ndipo sindilizemba. Kukiya kumachedwetsa, n'zoona. Koma bokosi limene lili pambali pa bedi, kiyi ali m'khosi mwanu, silitenga mphindi yathunthu kutsegula ngati mudazolowera. Chimene chimakupatsani nthawi ndi galu, geti, zitsulo za m'mawindo, nyali za panja ndi achitetezo a m'dera amene amayendera usiku. Munthu amene wadzidzimuka kutulo mbava zili kale m'chipinda, mfuti ya pansi pa pilo ikhoza kungomupalira imfa. Kuchedwa pang'onoko kulinso ndi phindu lake: kumakupatsani mpata wofunsa kuti "Ndani?" musanawombe mthunzi umene ungakhale mwana wanu akuchokera kuchimbudzi, kapena mphwanu amene walumpha mpanda poti wachedwa. Nanga masana, inu muli kuntchito, mfuti yodzaza zipolopolo ikuteteza yani? Akuba othyola nyumba masana amayamba kuyang'ana pansi pa matiresi ndi pamwamba pa wadirobu. Akaipeza, mfuti yanu yachiphaso ija yasanduka ya mbava, ndipo ikalira pakhomo pa munthu wina.

Amayi, nkhaniyi ndi yanunso. M'mabanja ambiri mfuti ndi chinsinsi cha bambo. Mayi amangodziwa kuti ilipo, kapena amaipeza poyala bedi, n'kuibwezera mwakachetechete poopa kuoneka ngati akulowerera za amuna. Koma amene amakhala ndi ana nthawi yaitali ndinu, ndipo amene mudzathamange ndi mwana kuchipatala ndinu. Kunena kuti, "Bambo a ana, chida chija ndikupempha kuti tichipezere bokosi lokiya, ana akula," si mwano. Akakana, nkhaniyo ndi yoyenera kufika kwa ankhoswe monga nkhani ina iliyonse yokhudza moyo wa ana. Abambo nawonso, ngati mumawakhulupirira akazi anu posamala ana anu, akhulupirireninso ndi nkhani imeneyi.

Chovuta kwambiri ndi kufunsa kwa eni ake. Mwana akamapita kukacheza kwa azakhali ake ku Area 25 kapena kukagona kwa mnzake, timafunsa ngati kuli agalu olusa, ngati kuli chitsime chosavindikira. Funso la mfuti limatikanika pakhosi, limaoneka ngati tikuwaganizira zoipa. Komatu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati mukudziwa kuti alamu anu ali ndi mfuti, afunseni mwaulemu, pambali: "Alamu, pepani, chida chija mumakiyira? Anawa ndi achidwi." Munthu wanzeru sangakwiye. Akakwiya, mwadziwa kuti mwana wanu asakagone kumeneko. Ana tiwauzebe kuti akaona mfuti asaigwire, achoke pamalopo, akauze wamkulu. Malangizowa ndi ofunika makamaka pa mfuti ya kwa eni kapena yotola patchire, bola tisaiwale anyamata a ku Atlanta aja.

Boma lili ndi mbali yake. Lamulo lathu la mfuti, Firearms Act, ndi la 1967, nthawi imene likulu la dziko lidali ku Zomba ndipo Lilongwe idali tauni yaing'ono. Ziphaso zimadzera kupolisi, amene likulu lawo lili ku Area 30. Mu Ogasiti 2001 maiko a SADC adasainirana pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo, ndipo adasainira kwathu konkuno, ku Blantyre. Panganolo limanena za kasungidwe ka mfuti ndi kuyesa luso la munthu asanapatsidwe chilolezo. Anzathu a ku South Africa, ndi lamulo lawo la 2000, amafuna kuti wopempha chiphaso ayambe waphunzira n'kupambana mayeso, komanso akhale ndi bokosi lachitsulo lovomerezeka. Pempho langa kwa aphungu ndi kwa apolisi ndi lakuti chiphaso chisatuluke, ndipo chisakonzedwenso, wapolisi asanafike panyumba n'kuona ndi maso ake bokosilo, n'kufunsa kuti m'nyumbamo muli ana angati. Mfuti zachiphaso m'dziko muno ndi zochepa, choncho ntchitoyi ndi yotheka. Malamulo athu aakulu, kuyambira 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Wosiya mfuti poti munthu wotere angaifikire ayankhe mlandu ngakhale ngozi isanachitike.

Pali mfuti ina imene timaiiwala, ya malemu. Bambo akamwalira, abale amakhala pansi kugawana zovala, mipando ndi ziweto, ndipo mfuti imapezeka m'sutikesi pakati pa masuti. Wina amati ndisunge ine monga chikumbutso. Chiphaso chidali cha malemuwo, sichilowa m'chuma chamasiye ngati njinga. Pa masiku a maliro nyumba imadzaza, kuchipinda kumalowa aliyense, ana amangoyendayenda opanda owayang'anira. Wamkulu wa banja akadziwitse apolisi msanga kuti adzaitenge, za umwini zidzakambidwe pambuyo. Kwa amene akusunga mfuti yopanda chiphaso ndipo akuopa kumangidwa, bungwe la African Union lidakhazikitsa mu 2017 kuti mwezi wa Seputembala chaka chilichonse ukhale wopereka zida zotere popanda kuimbidwa mlandu. Apolisi athu aulengeze mweziwu pa MBC, pa Zodiak ndi pa wailesi za m'madera, m'Chichewa chomveka, anene polisi yake ndi kuti, munthu akafike bwanji, ndipo chitsimikizo chake n'chotani. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo angathe kuperekeza munthu amene akuchita mantha.

Mfuti za mpweya zowombera mbalame, zimene ena amagulira anyamata awo poti legeni yatha fasho, nazonso zisatengedwe ngati zidole. Kachipolopolo kake n'kakang'ono koma kamaboola diso, ndipo pafupi kamatha kupha mwana. Zikiyiridwe mofanana, ndipo mnyamata aziigwira wamkulu ali pomwepo.

Chakudza sichiimba ng'oma, choncho ndinene za tsiku limene tonse sitikulifuna. Mwana akawomberedwa, chimene chimapha msanga ndi kutaya magazi. Tengani nsalu yoyera, chitenje kapena thaulo, mutsindire pabalapo mwamphamvu ndi manja onse osasiya. Nsalu ikanyowa onjezani ina pamwamba, musachotse yoyambayo. Musayese kutulutsa chipolopolo, musathire mankhwala alionse pabalapo, musam'patse chakudya kapena madzi poti mwina afunika opaleshoni. Wina ayendetse galimoto, wina atsindirebe mpaka mutafika ku Kamuzu Central kapena chipatala chilichonse chimene chili pafupi. Anthu ambiri amaganiza kuti bala la mfuti liyenera kuyamba ladzera kupolisi, ndipo amene mfuti yake ilibe chiphaso amayamba waganiza za kobisa chidacho mwana ali gone pansi. Pitani kuchipatala kaye. Apolisi awaimbire wina ali m'njira, lipoti lawo lidzalembedwa mwana ali m'manja mwa madokotala.